Kusankha malo odyera a Chijapani pa phwando la tsiku lobadwa la anthu ambiri ku Tokyo

Akakusankhani kuti mukonze phwando la tsiku lobadwa ku Tokyo, anthu 15 kapena 20 atayang'ana kwa inu, musathamangire kufunsa komwe kuli chakudya chokoma. Chakudya chokoma chili paliponse mumzindawu, ngakhale m'tinyumba ta pansi pa njanji ku Yurakucho. Chovuta kupeza ndi malo okhala. Nyumba zodyeramo zambiri n'zazing'ono, zina zili pansanjika yachisanu ndipo mumakwerako pa chikepe cholowa anthu anayi okha. Eni ake amawerengera mpando uliwonse ndi mphindi iliyonse. Gulu likafika mwa chizolowezi chathu chija, wina atachedwa ndi ola lathunthu, wina atatengana ndi msuweni wake amene sanamutchule n'komwe, phwando limasokonekera musanakweze tambula yoyamba.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kudziwa chiwerengero chenicheni cha anthu. Ku Japan wokonza phwando amamutcha kanji, ndipo aliyense amadziwa kuti akamuyankha kuti abwera, mpando wagulidwa. Ife "tibwera" wathu wa pa WhatsApp amatanthauza zambiri, kuyambira "ndafika kale" mpaka "Mulungu akalola". Musadalire ameneyo. Perekani masiku awiri kapena atatu oti anthu asankhepo, mugwiritse ntchito kavoti ka pa WhatsApp kapena ka pa LINE (WhatsApp ya Ajapani), kapenanso tsamba la Chouseisan limene Ajapani amaligwiritsa ntchito pa zomwezi. Ikani tsiku lotsekera mayina, sabata imodzi phwando lisanafike, ndipo munene poyera kuti dzina likulowa pamndandanda ndalama ikaperekedwa, kaya pamanja kaya pa PayPay, njira yolipirira pa foni. Zimamveka ngati nkhanza kwa anthu ozolowerana, koma malo ambiri amalipiritsa mtengo wonse wa munthu amene wajomba pa tsiku lenilenilo, ndipo ena amatenga theka mukasintha kutatsala tsiku limodzi. Ndalama imeneyo ikasowa woipereka imatuluka m'thumba mwanu.

Tsiku nalonso musankhe mukuyang'ana kalendala ya Ajapani. Mwezi wa Disembala makampani amachita maphwando otsazikana ndi chaka otchedwa bonenkai, ndipo zipinda zikuluzikulu zimakhala zitatha kale mu Novembala. Kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo kumakhalanso chimodzimodzi, poti chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mu Epulo, anthu akutsazika ochoka ndi kulandira atsopano. Ngati tsiku lobadwalo lagwera m'miyezi imeneyi, sungitsani malo kukadali mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Miyezi ina masabata atatu amakwanira. Lachisanu madzulo ndi nthawi yolimbirana chaka chonse. Lamlungu kapena m'kati mwa sabata mumapeza chipinda mosavuta, ndipo malo ena amakuwonjezerani nthawi yokhala.

Kenako ndalama. Gulu likaposa anthu 8 kapena 10, malo ambiri safuna kuti aliyense aziitanitsa zake. Amakupemphani kuti musankhiretu mndandanda umodzi wa zakudya, umene amautcha course, wa mtengo umodzi pa munthu aliyense. Ku izakaya wamba (malo omwera ndi kudyera a Chijapani) mu Tokyo, course yokhala ndi zakumwa zomwa mmene mungathere, zimene amati nomihodai, imakhala pakati pa 4,000 ndi 6,000 yen. Vomerani dongosolo limeneli ndi manja awiri, chifukwa limakuchotserani mkangano wa amene anadya chiyani. Pagulu pakakhala ophunzira amene akukhalira ndalama ya sukulu ndi ena apantchito, mtengo muuyeze ndi thumba la wophunzira. Mwini tsiku asalipire. Mwachitsanzo, muli anthu 16 ndipo course ndi ya 5,000 yen, zonse pamodzi 80,000. Anthu 15 otsalawo akasonkha 5,600 aliyense mupeza 84,000, ndipo 4,000 yapamwambayo ithandiza pa keke. Muonetsetse kuti mtengo umene mukuwerengerawo muli kale msonkho wa boma, umene ndi 10 peresenti kwa odyera pomwepo kuyambira mu Okutobala 2019.

Musanatsegule tsamba lililonse lofufuzira malo, funsani anthu anu zimene sadya. Apa m'pamene maphwando ambiri a anthu akwathu amakhumudwitsira, chifukwa gulu la Amalawi kapena Azambia silisowa Msilamu, wa Seventh-day Adventist, ndi mayi kapena bambo wopemphera amene salawa mowa. Chakudya cha Chijapani chimabisa zinthu. Nkhumba imapezeka mu gyoza, mu yakisoba, mu okonomiyaki, m'msuzi wa ramen, ngakhale pamwamba pa saladi ngati tizidutswa ta bacon. Nkhanu, shrimp, octopus ndi squid, zimene a Adventist sadya, zimalowa m'mbale zambiri za course popanda wokuuzani. Mowa wa sake ndi mirin, yomwe nayonso ili ndi mowa, amaphikira msuzi wa teriyaki, wa sukiyaki ndi wopaka pa yakitori. Ena amati mowawo umauluka pophika ndipo alibe nazo vuto, ena safuna n'kumva komwe. Musamuganizire munthu, mufunseni yekha pambali. Wosadya nyama ndi nsomba adziwe kuti dashi, msuzi umene uli pansi pa zakudya zambiri za Chijapani kuphatikizapo supu ya miso, nthawi zambiri amaupanga ndi nsomba youma ya katsuo. Amene thupi lake limadana ndi tirigu adziwe kuti soy sauce wamba muli tirigu. Wodana ndi mtedza, mazira, nkhanu kapena noodles za soba mumulembe padera ndipo eni malo muwauziretu posungitsa malo, chifukwa lamulo la ku Japan lokakamiza kulemba zinthu zoterezi limakhudza zakudya za m'mapaketi, osati za m'nyumba zodyeramo.

Palinso nkhani ya zosaphika. Course zambiri za izakaya zimakhala ndi mbale ya sashimi, nsomba yaiwisi yodulidwa bwino, ndipo malo ena amatulutsa nyama ya hatchi yaiwisi kapena nkhuku yongowauka kunja. Amene akhalitsa ku Japan amanyambita milomo. Mlendo amene wangofika mwezi watha amangoyang'ana mbaleyo mwaulemu, ndipo mayi woyembekezera sayenera kukhudza n'komwe. Pemphani kuti mbale imodzi ya sashimi aisinthe ndi karaage, nkhuku yokazinga ija. Sindinaonepo munthu wakwathu akukana karaage.

Mukadziwa chiwerengero, thumba ndi zosala za anthu, mtundu wa malo umadzisankha wokha. Ramen iwalani. Nyumba zake zambiri ndi za mipando pafupifupi khumi yoyang'ana kwa wophika, ndipo munthu amadya n'kunyamuka kuti wina akhale. Sushi ya akatswiri, imene wophika amakusankhirani yekha zoti mudye, ndi ya anthu awiri kapena atatu olankhula monong'ona, komanso mtengo wake ndi wina. Sushi yoyenda pa lamba, ngati ya ku Sushiro kapena Kura Sushi, ndi yotsika mtengo ndipo ana amaikonda, koma matebulo ake ndi a anthu 6, kotero gulu lanu lidzamwazika ndipo mwini tsiku adzacheza ndi anthu asanu okha. Amene anazolowera teppanyaki ya ku London kapena ku Johannesburg, ya wophika woponya mipeni m'mwamba ndi kuyatsa moto pa anyezi, asayembekezere zomwezo kuno. Masewera amenewo anatchuka ndi nyumba zodyeramo za Benihana, zimene zinayamba ku New York mu 1964. Teppanyaki ya ku Tokyo ndi yachete, ya nyama yodula, ndipo kawirikawiri imapezeka m'mahotela.

Zotsala ndi zitatu: izakaya, yakiniku ndi shabu-shabu.

Izakaya ndiyo malo amene Ajapani eni ake amachitirako maphwando a magulu, ndipo ndi kumene mungapeze chipinda chachikulu mosavuta. Phokoso n'lololedwa, mbale ndi zogawana, zakumwa zimabwera msanga. Chimene muyenera kuwachenjeza anzanu ndi kabweredwe ka chakudya. Kumayamba edamame ndi saladi, kenako sashimi, zokazinga, zowotcha, mwina mphika wa nabe nthawi yozizira, ndipo mpunga kapena noodles zimabwera kumapeto kwenikweni. Kwa ife zili ngati kukupatsani ndiwo zokhazokha kwa ola ndi theka, nsima n'kubwera anthu akusamba m'manja. Ngati mukudziwa kuti pagulu pali anyamata obwera ndi njala ya tsiku lonse, pemphani kuti mpunga ubwere koyambirira, kapena muwonjezere mbale zingapo za mpunga woyera pa ndalama yapadera. Kumbukiraninso kuti izakaya imapindula ndi zakumwa. Nomihodai nthawi zambiri amafuna kuti gulu lonse lilowe, osati theka. Ngati osamwa mowa ndi ambiri, mukhala mukuwalipiritsa mowa wa anzawo. Funsani ngati pali mtengo wotsikirapo wa omwa zoziziritsa kukhosi zokha. Akakana, ganizirani malo ena.

Yakiniku, yowotcha nokha nyama pa tebulo, imagwirizana ndi mtima wathu wokonda kanyenya, ndipo malo ngati Gyu-Kaku ali ndi dongosolo lodya mmene mungathere, lotchedwa tabehodai. Vuto lake ndi lakuti chowotchera chimodzi chimakwanira anthu anayi kapena asanu, utsi umalowa m'zovala za phwando, ndipo ng'ombe ndi nkhumba zimakumana pa waya umodzi wina akangoiwala. Pa tebulo lililonse pamapezekanso munthu mmodzi amene amathera usiku wonse akutembenuzira anzake nyama.

Ine gulu likakhala losakanikirana zipembedzo ndi misinkhu ndimasankha shabu-shabu. Pakati pa tebulo pamakhala mphika wa msuzi wowira, aliyense amaviikamo nyama yodulidwa mopyapyala ngati pepala, masekondi ochepa yapsa. Masamba, bowa, tofu ndi mpunga zimakhala zambiri. Chilichonse chimaphikidwa pamaso panu, ndiye palibe chobisika, ndipo woopa zaziwisi mtima wake umakhala m'malo. Ubwino waukulu ndi wakuti mutha kukhazika anthu motsatira mphika: wa ng'ombe ndi nkhuku zokha uku, wa odya chilichonse uko, wa masamba okha ndi msuzi wa kombu (chomera cha m'nyanja) kumapeto. Miphika yambiri ili ndi chogawa pakati kuti mukhale misuzi iwiri, koma musadalire kachitsulo kameneko polekanitsa nkhumba, chifukwa msuzi umadumphira ndipo timitengo todyera timasokera. Osadya nkhumba apatseni mphika wawowawo. Malo ngati Onyasai ndi Mo-Mo-Paradise ali ndi nthambi zingapo mu Tokyo ndipo anazolowera magulu. Msilamu amene amafuna nyama ya halal yeniyeni sangathandizike ndi kupewa nkhumba kokha. Kwa iyeyo fufuzani malo okhala ndi chiphaso cha halal, ndipo alipo ku Asakusa, ku Ueno ndi ku Shinjuku, ngakhale kuti ambiri ndi aang'ono ndipo amafuna kusungitsa msanga. Mukatenga sukiyaki m'malo mwa shabu-shabu, auzeni anthu kuti dzira laliwisi limene laikidwa m'kambale ndi loviikamo nyama, ndipo wosafuna atha kulisiya osalakwira aliyense.

Tsopano chipinda. Ife pa tsiku lobadwa timaimba, timapemphera, wina amaimirira n'kulankhula, amayi amaimba nthungululu. Zimenezi pakati pa anthu ena odya sizikhala bwino, ndiye funani koshitsu, chipinda chanuchanu. Muchenjere ndi chimene amachitcha han-koshitsu, chifukwa nthawi zambiri ndi tebulo lotchinga ndi nsalu kapena nsungwi, ndipo mawu onse amamveka kunja. Funsani ngati chili ndi chitseko ndi makoma ofika kudenga, komanso ngati anthu onse akhala m'chipinda chimodzi. Malo ena amavomera anthu 20 kenako n'kuwagawa m'zipinda ziwiri zoyang'anizana. Mukapitirira 25 kapena 30, funsani za kashikiri, kubwereka nyumba yonse kwa maola angapo. Malo aang'ono amavomera mukafika pa chiwerengero kapena ndalama imene iwo akhazikitsa.

Kakhalidwe nako n'kofunika kufunsa. Zashiki ndi kukhala pansi pa mphasa za Chijapani zotchedwa tatami, miyendo yopinda. Kwa mphindi 20 n'zosangalatsa, koma kwa maola awiri, munthu wamkulu wa mawondo ovuta kapena mlongo wovala siketi yothina adzakudandaulani. Horigotatsu imaoneka ngati zashiki koma pansi pa tebulo pali dzenje lolowetsamo miyendo, ndiye mumakhala ngati pa benchi. Pakakhala makolo obwera kudzacheza kuchokera kumudzi kapena wina wa panjinga ya olumala, tengani matebulo ndi mipando wamba, ndipo mufunse ngati nyumbayo ili ndi chikepe, poti malo ambiri ali pansi pa nthaka ndipo amatsikirako pa masitepe opapatiza. Kulikonse kwa tatami mumavula nsapato pakhomo. Lembani zimenezi mu uthenga woitanira anthu, kuti wa sokosi yobooka asadzakuimbeni mlandu.

Dera lisankheni poyang'ana sitima. Masiteshoni a pa njanji ya Yamanote, monga Ueno, Ikebukuro, Shibuya ndi Shinagawa, amafikika kuchokera mbali zonse, ndipo ngati ambiri akuchokera ku Tsukuba, Akihabara kapena Asakusa ndi pabwino chifukwa cha Tsukuba Express. Shinjuku ili ndi malo odyera osawerengeka, koma siteshoni yake ili ndi makomo otulukira oposa 200 ndipo imasocheretsa ngakhale obadwira konko. Mukasankha kumeneko tchulani dzina la khomo, mutumize chithunzi cha nyumbayo ndi nambala ya nsanjika. Malo akhale oyenda mphindi zisanu kuchokera pa siteshoni. Ndipo chinthu chimodzi musachite: kufika opanda malo n'kutsatira anyamata oitanira makasitomala m'misewu ya Kabukicho, ku Shinjuku komweko. Kuitanira kotereku n'koletsedwa m'deralo, ndipo kumene amakutengerani bilu imadzabwera ndi zolipiritsa zimene simunamvepo.

Pofufuza, masamba a Tabelog, Hot Pepper Gourmet ndi Gurunavi amakulolani kusankha malinga ndi siteshoni, chiwerengero cha anthu ndi chipinda chapadera. Pa Tabelog musadabwe ndi manambala otsika. Kumeneko malo ofika 3.5 amaonedwa kuti ndi abwino kwambiri, ndipo a 3.1 kapena 3.2 atha kukhala okwanira bwino phwando. Yang'anani kwambiri zithunzi za chipinda zojambulidwa ndi makasitomala kuposa za chakudya. Hot Pepper imakhala ndi makuponi, ena opereka kambale ka zotsekemera kolembedwa dzina la mwini tsiku, ena omuchotsera wokonza phwando mtengo wake gulu likakwana chiwerengero china. Sankhani malo atatu, kenako imbani foni. Gulu lalikulu musalisungitsire pa intaneti pokha. Imbani chakumasana, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, asanatanganidwe, ndipo ngati Chijapani chanu n'chopunduka pemphani mnzanu wa ku labu kapena wa kuntchito kuti akuimbireni mutakhala naye pafupi.

Pa foniyo mumve bwino za nthawi. Malo ambiri amapereka maola awiri, ndipo zakumwa amasiya kulandira kutatsala mphindi 30. Nthawiyo imayamba pa ola limene munasungitsa, osati pamene womaliza wafika, ndipo mukachedwa ndi mphindi 15 kapena 20 osaimba foni atha kupereka chipindacho kwa ena. Ngati alipo maola atatu pa ndalama yowonjezera pang'ono, tengani. Funsani za otoshi, kambale kakang'ono kamene amakuikirani musanaitanitse, kamene kwenikweni ndi malipiro a mpando, pafupifupi 300 mpaka 500 yen pa munthu. Mu course nthawi zambiri imakhala italowa kale, koma mutsimikize, pamodzi ndi malipiro a chipinda ngati alipo. Funsani tsiku lomaliza losinthira chiwerengero. Funsani za fodya: kuyambira mu Epulo 2020 kusuta m'nyumba zodyeramo n'koletsedwa, koma malo ena aang'ono akale amaloledwabe, ndipo oterowo salowetsa munthu wosakwana zaka 20. Ngati pagulu pali ana kapena wophunzira wa zaka 19, funso limeneli lingasinthe zonse. Zaka 20 zomwezo ndiye msinkhu woyambira kumwa mowa ku Japan.

Keke musangofika nayo. Kubweretsa chakudya chakunja kumafuna chilolezo, ena amalipiritsa, ena amakana poopa matenda a m'mimba. Akavomera, funsani ngati angaisunge mu firiji, ngati alola makandulo, ndiponso ngati apereka mpeni ndi mbale. Agwirizaneni za nthawi yoibweretsa, makamaka kutatsala mphindi 40 kuti mutuluke. Mukaidikiritsa mpaka kumapeto mudzaimba nyimbo operekera zakudya ataima pakhomo ndi nsalu zopukutira matebulo. Akakana keke, musataye malo abwino chifukwa cha zimenezo. Tengani kambale kawo ka zotsekemera, keke mukaidulire ku karaoke, poti nthambi zambiri za Manekineko zimalola kulowa ndi zakudya zanu.

Tsikulo likafika, anthu auzeni nthawi yokumana pa siteshoni yoti afike kutatsala mphindi 30 kuti nthawi yeniyeni ikwane, ndipo inu mukafike pamalopo msanga. Mwini tsiku akhale mkati, kutali ndi chitseko, kumene Ajapani amakhazika mlendo wolemekezeka. Inu khalani pafupi ndi khomo kuti muzilankhula ndi operekera zakudya ndi kulandira ochedwa. Chakumwa choyamba chiitanitseni mwachangu, mowa kwa omwa ndi tiyi wa oolong kapena juwisi kwa osamwa, kuti kanpai, kukweza matambula pamodzi, ichitike msanga ndipo chakudya chiyambe kubwera. Malo ambiri a nomihodai amafuna mubweze tambula yopanda kanthu musanalandire ina. Kumalo a tabehodai musaunjike nyama yoti simumaliza, chifukwa zotsala zambiri amalipiritsa. Wovutika ndi timitengo apemphe foloko, palibe amene amuseke.

Bilu imabwera imodzi, ndipo gulu lalikulu sakuligawirani kuti aliyense alipire yake. Mulipire inu nokha pa kauntala ya pakhomo kapena kwa woperekera, anzanu akuvala nsapato. Khalani ndi ndalama zapamanja zokwanira, chifukwa malo ena aang'ono salandira khadi, ndipo makuponi ena amagwira ntchito polipira ndi ndalama zapamanja zokha. Tipu musasiye, ku Japan kulibe mwambo umenewo ndipo adzakuthamangirani nayo kunja. Mukatuluka musaunjikane pakhomo la nyumbayo kujambulana, sunthirani kutsogolo anthu ena adutse.

Opita ku karaoke aone kaye nthawi ya sitima yawo yomaliza. Zambiri zimatha cha m'ma 12 koloko usiku, ndipo za kutali monga Saitama, Chiba ndi Ibaraki munthu amayenera kunyamuka msanga kuposa pamenepo. Takisi ya usiku yochoka pakati pa Tokyo kupita kumadera amenewo imadya ndalama yoposa ya phwando lonse la munthu mmodzi. Amene anasiya njinga pa siteshoni ya kwawo ndipo wamwa, akafika aikankhe ndi manja. Kuyambira mu Novembala 2024 kupalasa njinga utamwa mowa ndi mlandu wa chilango chofika zaka zitatu m'ndende kapena 500,000 yen, ndipo lamuloli limakhudzanso amene wapereka mowa kwa munthu akudziwa kuti akwera njinga.